Mafunso ndi mayankho pa mankhwala ophatikiza odontheza m'maso a glaucoma

Munthu akapezeka ndi glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso amene mwa ambiri amabwera pulesha ya m'diso ikakwera, kawirikawiri amachoka ku chipatala cha maso atanyamula kabotolo kamodzi kakang'ono ngati chala, atauzidwa kuti azidontheza tsiku ndi tsiku kwa moyo wake wonse. Pakapita miyezi kapena zaka, odwala ambiri amamva kuti mankhwala aja sakukwaniranso, ndipo amapatsidwa kabotolo kachiwiri, kapena kabotolo kena katsopano kamene palembedwa mayina awiri a mankhwala. Kabotolo ka mayina awiriko ndi kamene tikukamba pano. Mayankho ali m'munsiwa salowa m'malo mwa dokotala amene anakupimani, chifukwa iye ndiye anaona mkati mwa diso lanu, koma angakuthandizeni kudziwa chimene mwagwira m'manja ndi zimene muyenera kukafunsa mukadzabwereranso kuchipatala.

Kodi pulesha ya m'diso n'chiyani? Ndi imodzimodzi ndi BP?

Ayi, ndipo kusokoneza ziwirizi kumachititsa anthu ena kuganiza kuti mapiritsi a BP akuwatetezera ndi maso omwe. BP ndi kuthamanga kwa magazi m'mitsempha, pamene pulesha ya m'diso imachokera ku timadzi timene diso limapanga mkati mwake, kuseri kwa kagawo kakuda kozungulira mboni. Timadziti si misozi, ndipo kulira sikutichepetsa. Timapangidwa usana ndi usiku, timadyetsa mbali zakutsogolo za diso, kenako timatuluka kudzera mu kasefa kakang'ono kwambiri kamene kali m'mphepete mwa kagawo kakuda kaja. Tina timatulukira njira yachiwiri, yodutsa pakati pa timinofu ta m'diso. Kasefa kakayamba kutsekeka, timadzi timadzadzana monga amachitira madzi m'dimba ngalande ikadzala matope, ndipo diso limalimba mkati mwiniwake osamva kanthu.

Achipatala amayeza pulesha imeneyi ndi muyeso wotchedwa mmHg, ndipo mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21. Ikakhala yokwera kwa nthawi yaitali imafinya mtsempha waukulu umene umachoka kumbuyo kwa diso kupita ku ubongo. Mtsemphawu uli ndi ulusi woposa 1 miliyoni, ndipo ulusi umene wafa suphukanso. Umene umayamba kufa ndi wothandiza kuona cham'mbali, n'chifukwa chake munthu amatha kuwerenga bwinobwino koma n'kumadzidzimuka njinga ikamudutsa pafupi, kapena kumawomba chitseko ndi phewa. Kuwonongeka kwa mtsempha kumeneku ndiko glaucoma. Pali anthu ena amene mtsempha wawo umawonongeka pulesha ili pansi pa 21, ndipo nawonso thandizo lawo ndi kuitsitsabe. Matendawa amagwira kwambiri anthu akuda, amayamba akadali achicheperepo, ndipo amathamanga kuposa mwa azungu.

Dokotala wanena kuti pulesha yakwera koma mtsempha uli bwino. Ndikufunikabe mankhwala?

Si onse amene amafunika. Kafukufuku wamkulu wa ku United States wotchedwa Ocular Hypertension Treatment Study, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu oposa 1,600 a pulesha yokwera koma opanda glaucoma. Patatha zaka 5, mwa anthu 100 aliwonse amene sankadontheza mankhwala, pakati pa 9 ndi 10 anali atayamba glaucoma, pamene mwa amene ankadontheza anali pakati pa 4 ndi 5. Mankhwala anachepetsa chiopsezo ndi theka, komabe ambiri mwa osadontheza anakhala bwinobwino. Choncho dokotala amayang'ana kuti pulesha yakwera motani, zaka zanu, kupyapyala kwa galasi la kutsogolo kwa diso, ndiponso ngati kumtundu kwanu kuli amene anachita khungu. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso chinthu chimene chikukhudza nkhani yathu mwachindunji: pofika chaka chachisanu, pafupifupi anthu 4 mwa 10 aliwonse amene ankalandira mankhwala ankafunika mitundu iwiri kapena kuposerapo. Kupatsidwa mankhwala achiwiri ndi chinthu chofala, sikutanthauza kuti diso lanu lafika posatheka.

Nanga mankhwala ophatikiza ndi otani kwenikweni?

Ndi mankhwala awiri osiyana kagwiridwe ka ntchito, osakanizidwa kufakitale m'kabotolo kamodzi pa mlingo wosasintha. Njira zotsitsira pulesha ndi ziwiri basi: kuchepetsa timadzi timene diso likupanga, kapena kutsegula potulukira. Timolol, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'maso mu 1978 ndipo mpaka lero ndi amene amapezeka kwambiri m'zipatala za kuno ku Africa, amachepetsa kapangidwe ka timadzi. Dorzolamide ndi brinzolamide amachitanso chimodzimodzi koma podzera njira ina, ndipo ndi achibale a mapiritsi a acetazolamide amene ena amawadziwa kuti Diamox. Brimonidine amachepetsa timadzi komanso amathandizako kutitulutsa. Latanoprost, amene anabwera mu 1996, pamodzi ndi anzake travoprost, bimatoprost ndi tafluprost, amatsegula njira yachiwiri ija, ndipo paokha ndi amene ali ndi mphamvu kwambiri, moti amatha kutsitsa pulesha ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu.

M'mabotolo ambiri ophatikiza, mmodzi mwa awiriwo amakhala timolol wa 0.5%. Dorzolamide ndi timolol amadziwika ndi dzina loti Cosopt, brimonidine ndi timolol ndi Combigan, brinzolamide ndi timolol ndi Azarga, ndipo atatuwa amadonthezedwa kawiri pa tsiku. Latanoprost ndi timolol ndi Xalacom, travoprost ndi timolol ndi DuoTrav, bimatoprost ndi timolol ndi Ganfort, ndipo awa ndi a kamodzi pa tsiku. Opanda timolol ndi ochepa, monga Simbrinza, amene ndi brinzolamide ndi brimonidine, ndi Rocklatan, amene anavomerezedwa ku United States mu 2019 ndipo amaphatikiza latanoprost ndi mankhwala atsopano otchedwa netarsudil. Makampani ena, makamaka a ku India, amapanga mankhwala omwewa pansi pa mayina ena ndipo amakhala otsika mtengo. Chifukwa cha ichi, dzina lofunika kulisunga pamtima si la zilembo zikuluzikulu pa katoni, koma mayina awiri a zilembo zing'onozing'ono amene ali pansi pake.

Bwanji osangodontheza mabotolo awiri paokhapaokha?

Zimatheka, ndipo munthu amene amachita bwino ndi mabotolo awiri sataya kanthu. Kunena mosabisa, kabotolo kophatikiza sikaposa mphamvu mabotolo awiri odonthezedwa molondola. Vuto lili pa mawu akuti molondola.

Diso limasunga madzi ochepa kwambiri. Dontho limodzi lochoka m'kabotolo limakhala lalikulu kale kuposa malo amene alipo, n'chifukwa chake ena amatsikira patsaya. Mukadontheza mankhwala achiwiri pamwamba pa oyamba nthawi yomweyo, achiwiriwo amakokolola oyamba asanalowe m'diso. Lamulo ndi loti mudikire mphindi zosachepera 5, koma mayi amene akuthamangira kumunda dzuwa lisanatuluke, kapena bambo amene akuopa kusiyidwa ndi minibasi, sadikira mphindi zimenezo tsiku lililonse kwa zaka 20. Tiyerekeze agogo amene apatsidwa dorzolamide ndi timolol paokhapaokha, aliyense kawiri pa tsiku, m'maso onse awiri: amenewo ndi madontho 8 pa tsiku ndi kudikira kawiri. M'kabotolo kophatikiza madonthowo ndi 4 ndipo palibe kudikira. Mdzukulu amene amawadonthezera asanapite kusukulu angathe zimenezi osasokoneza.

Chifukwa china ndi mankhwala oteteza kuti kabotolo kasagwidwe tizilombo, amene nthawi zambiri ndi benzalkonium chloride. Amenewa akamagwera padiso kangapo pa tsiku kwa zaka zambiri amaumitsa diso, amalifiiritsa, ndipo amachititsa kuti munthu azimva ngati muli mchenga. Madontho akachepa, nawonso amachepa. Pali mitundu ina yopanda mankhwala otetezawa, imene imabwera m'timapulasitiki ta ntchito kamodzi, koma ndi yodula.

Kuipa kwake kuliponso. Mlingo wa mankhwala amodzi sungasinthidwe osakhudza anzake, ndipo diso likayamba kuyabwa kapena kutupa, dokotala amayenera kuwalekanitsa kuti apeze amene akuyambitsa. Pa nkhani ya ndalama palibe yankho limodzi: m'mafamase ena kabotolo kophatikiza kamatsika mtengo kuposa mabotolo awiri, koma kumene timolol amaperekedwa ulere pachipatala cha boma, kugula kophatikiza kungakhale kuwonjezera mtolo. Funsani mitengo yonse iwiri musanasankhe, ndipo muuzeni dokotala poyera ngati simudzatha kumagula mwezi ndi mwezi. Mankhwala abwino amene mungawagule miyezi itatu yokha pa chaka amaposedwa ndi mankhwala wamba amene simungawadumphitse.

N'chifukwa chiyani sanandiyambitse pa ophatikiza pomwepo?

Chifukwa dokotala amafuna kudziwa ngati mankhwala aliwonse akugwiradi ntchito m'diso lanu. Pali anthu amene latanoprost sawatsitsira pulesha kwenikweni, ndipo pali ena amene timolol amayamba bwino koma n'kumafooka m'kupita kwa nthawi. Akayamba ndi awiri pamodzi, palibe angadziwe kuti wagwira ntchito ndi uti, ndipo mwina mudzakhala mukupirira zovuta za mankhwala amene sakukuthandizani. Mwambo wake ndi kuyamba ndi amodzi, kuika mlingo wa pulesha umene diso lanu liyenera kufikapo, kuyezanso pakapita milungu ingapo, kenako kusintha kapena kuwonjezera. Koma munthu akafika mochedwa, pulesha ili pamwamba kwambiri ndipo mtsempha watsala pang'ono, monga zimachitikira kawirikawiri kwathu kuno, dokotala angayambe ndi awiri tsiku lomwelo chifukwa nthawi yoyesera imakhala palibe.

Ndili ndi mphumu. Kodi dontho la m'diso lingafike bwanji m'chifuwa?

Ili ndilo funso lofunika kuposa onse pa tsamba lino. Pakona ya diso cha kumphuno pali kabowo kamene misozi imatsikira m'mphuno, chomwe chimachititsa kuti munthu akamalira azituluka mamina. Mankhwala odontheza amatsata njira yomweyo, ndipo akafika m'mphuno amalowa m'magazi osadzera kuchiwindi, kumene mapiritsi amayamba achepetsedwa mphamvu. Timolol ali m'gulu limodzi ndi propranolol ndi atenolol, mapiritsi a mtima ndi BP. Amachedwetsa kugunda kwa mtima ndipo amatha kufinya njira za mpweya m'mapapo. Kwa munthu wa mphumu dontho limodzi lingautse chifuwa chobanika, ndipo pali anthu amene anamwalirapo chifukwa cha zimenezi.

Choncho kabotolo kalikonse kokhala ndi timolol n'kosayenera kwa munthu amene ali ndi mphumu kapena anadwalapo mphumu, amene ali ndi matenda aakulu a m'mapapo obanikitsa, amene mtima wake umagunda pang'onopang'ono kwambiri kapena uli ndi vuto la kayendedwe ka mphamvu yougunditsa, ndi amene mtima wake wafooka moti akutupa miyendo ndi kupuma movutika. Choopsa cha mabotolo ophatikiza n'chakuti timolol amabisala kuseri kwa dzina lina. Munthu amene anauzidwa kalekale kuti asadzagwiritse ntchito timolol angalandire Cosopt kapena Ganfort mosangalala, osadziwa kuti timolol yemwe uja ali momwemo. Werengani zilembo zing'onozing'ono zija, kapena pemphani wa pafamase akuwerengereni.

Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga achenjerenso, chifukwa timolol amatha kubisa kugunda kwa mtima kothamanga ndi kunjenjemera kumene kumawachenjeza kuti shuga watsika. Amene akumwa kale atenolol, propranolol, verapamil, diltiazem kapena digoxin anene zimenezi kwa dokotala wa maso, ndipo kwa dokotala wa mtima anenenso za mankhwala a m'maso. Anthu ambiri akafunsidwa kuti mukumwa mankhwala anji satchula odontheza, poti sakumwa. Atchuleni, makamaka pamene mukukonzekera opaleshoni iliyonse. Mukayamba kabotolo katsopano n'kuona chizungulire, kufooka kosadziwika bwino, kukomoka kapena phuma, siyani kudontheza ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga kabotoloko. Timolol amathanso kuchepetsa mphamvu za abambo m'nyumba ndi kubweretsa kukhumudwa, ndipo ngakhale zimachititsa manyazi kunena, dokotala angathe kukusinthirani mankhwala akadziwa.

Nanga mankhwala enawo ali ndi zovuta zotani?

Dorzolamide amaluma m'diso kwa kanthawi ndipo amasiya kuwawa kukhosi ngati mwatafuna kwinini. Brinzolamide saluma kwambiri, koma ndi woyera ngati mkaka, amafunika kukhutchumula kabotolo musanadontheze, ndipo amachititsa chifunga m'maso kwa mphindi zingapo, choncho musayendetse galimoto kapena njinga yamoto mpaka kutayera. Awiriwa ndi a mtundu wa salufa, ndipo amene thupi lake linatuluka zilonda kapena zidzolo zoopsa atamwa mankhwala monga Bactrim kapena Fansidar ayenera kunena asanayambe. Sayeneranso kwa amene impso zake zawonongeka kwambiri.

Brimonidine amaumitsa m'kamwa ndipo amabweretsa tulo ndi kutopa. Chimene chimadabwitsa anthu n'chakuti diso limatha kuyamba kudana naye patapita miyezi yambiri zinthu zikuyenda bwino: zikope zimatupa, diso limafiira ndi kuyabwa, ndipo wodwala amaganiza kuti wagwidwa matenda ena a maso. Sagwirizananso ndi mankhwala ena a matenda a kukhumudwa.

Latanoprost ndi anzake savutitsa mtima kapena mapapo kawirikawiri, zovuta zawo zimaonekera pankhope. Diso limafiira, makamaka m'milungu yoyamba, tsitsi la m'zikope limatalika ndi kuchuluka, khungu lozungulira diso limada, ndipo pakapita zaka diso limatha kuoneka lolowa mkati pang'ono. Amathanso kudetsa mtundu wa diso mosabwereranso, ngakhale izi zimaoneka kwambiri mwa anthu a maso a mitundu yosakanikirana kusiyana ndi ife a maso akuda. Amene akudontheza diso limodzi lokha ndi amene amaona kusiyanako msanga akadziyang'ana pagalasi. Kupukuta madzi otsikira patsaya kumachepetsa kuda kwa khungu.

Kadonthezedwe koyenera ndi kotani?

Sambani m'manja ndi sopo. Khalani pampando mutapendeketsa mutu chagada, kapena, ngati manja amanjenjemera, gonani chagada pamphasa kapena pabedi. Ndi chala cha dzanja limodzi kokerani pansi chikope cham'munsi kuti pakhale kathumba. Dzanja logwira kabotolo litsamire pa dzanja linalo kapena pamphumi kuti lisagwedere, yang'anani kudenga, ndipo finyani dontho limodzi lokha. Kamwa ya kabotolo isakhudze diso, zikope kapena chala, chifukwa ikatero tizilombo timalowa m'kabotolo ndipo mudzakhala mukudzidonthezera matenda.

Kenako pakubwera chimene ambiri amalumpha. Tsekani diso mofatsa, osaphethiraphethira ndiponso osafinya zikope, ndipo ikani nsonga ya chala pakona ya diso cha kumphuno, pomwe mukumva kafupa, n'kusindikiza pang'ono kwa mphindi 2. Pamenepo mwatseka kabowo kaja. Mankhwala amakhalitsa padiso pomwe akufunika, ochepa okha ndi amene amalowa m'magazi, ndipo ngati mumagwiritsa ntchito dorzolamide mudzaona nokha kuti kuwawa kwa kukhosi kwachepa. Mphindi 2 ndi zazitali kuposa mmene munthu amaganizira atatseka maso, ndipo ndi bwino masiku oyamba kuziyeza ndi wotchi ya pafoni.

Madontho awiri sathandiza kuposa limodzi, amangomaliza kabotolo mwezi usanathe. Koma ngati dontho lagwera patsaya osalowa m'diso, donthezaninso. Amene ali ndi kabotolo kenanso adikire mphindi 5 kapena kuposerapo, ndipo mankhwala opaka a mafuta azikhala omalizira. Ovala magalasi omatika padiso awachotse kaye ndipo adikire mphindi 15 asanawabwezere. Ulendo wina mukadzapita kuchipatala, pemphani namwino akuonereni mukudontheza, pakuti anthu ambiri amene amati amadziwa amapezeka kuti akhala akuthirira tsaya.

Nthawi yabwino ndi iti, ndipo ndikaiwala nditani?

A kawiri pa tsiku azitalikirana maola pafupifupi 12, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. A kamodzi pa tsiku azidonthezedwa pa ola lomwelo tsiku lililonse. Latanoprost payekha amaperekedwa usiku, pamene timolol amagwira bwino masana chifukwa munthu akagona diso limachepetsa lokha timadzi, choncho pa kabotolo kophatikiza awiriwa dokotala ndi amene amasankha m'mawa kapena madzulo. Musadontheze a gulu la latanoprost koposa kamodzi pa tsiku, chifukwa kuwachulukitsa kumachepetsa mphamvu yawo m'malo moiwonjezera. Mukaiwala ndipo nthawi ya dontho lotsatira yayandikira, ingopitirizani monga mwa masiku onse osabwezera lomwe munaphonya. Kumangiriza dontho ku chinthu chimene simuiwala, monga kutsuka m'kamwa kapena nkhani za pa wailesi, kumathandiza kuposa kudalira mutu. Asilamu amene akusala m'mwezi wa Ramadan angathe kudontheza a kawiri pa tsiku m'bandakucha ndi dzuwa litalowa, m'malo mosiya mwezi wathunthu.

Tsiku lopita kukayezetsa, donthezani monga mwa nthawi zonse. Ena amasiya dala kuti dokotala akaone matenda enieni, ena amadontheza tsiku lokhalo atakhala milungu osakhudza kabotolo. Onse awiri amasocheretsa dokotala, ndipo wachiwiriyo amauzidwa kuti zonse zili bwino pamene mtsempha ukutha.

Kunyumba kwatsala timolol wakale. Ndizidontheza pamodzi ndi kabotolo katsopano?

Ngati kabotolo katsopano kali ndi timolol, ayi. Pulesha sitsikanso kuposa pamenepo, koma chiopsezo cha mtima ndi mapapo chimakwera. N'chimodzimodzi kuphatikiza latanoprost ndi Xalacom kapena DuoTrav, kapena dorzolamide ndi Azarga. Cholakwika ichi chimachitika kwambiri munthu akamalandira mankhwala m'malo awiri, ena kuchipatala, ena otumizidwa ndi mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds. Ikani mabotolo onse m'jumbo imodzi, ngakhale amene atha, mupite nawo kwa dokotala kuti akuuzeni osiya ndi opitiriza.

M'jumbomo muikenso mankhwala ena alionse a m'maso amene munagula nokha. Odontheza okhala ndi dexamethasone, betamethasone kapena prednisolone, amene anthu amakonda kugula diso likamayabwa chifukwa amayeretsa diso msanga, amakweza pulesha mwa anthu ena ndipo angathe kuyambitsa glaucoma mwa munthu amene analibe. Madzi a zitsamba ofinyira m'diso satsitsa pulesha, ndipo ena amatentha galasi la kutsogolo kwa diso.

Kwathu kulibe firiji ndipo kumatentha. Ndisunge bwanji?

Mabotolo a dorzolamide, brinzolamide kapena brimonidine ophatikiza ndi timolol safuna firiji, amangofuna pamthunzi posatentha. Amene savomera kutentha ndi latanoprost: mitundu yambiri, kuphatikizapo Xalacom, imayenera kukhala m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8 isanatsegulidwe, ndipo ikatsegulidwa isungidwe posapitirira madigiri 25, m'katoni yake kuti isaombedwe ndi kuwala. Aliyense amene anakhalapo ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Tete mu Okutobala akudziwa kuti m'nyumba ya malata madigiri 25 amapitirira dzuwa lisanafike pamutu. Ngati kwanu kuli kotero, nenani kwa dokotala, chifukwa travoprost ndi bimatoprost safuna firiji ndipo mwina angakusankhireni amenewo. Musagule mabotolo a latanoprost a miyezi yambiri ngati mulibe powasunga, musawasiye pawindo, m'galimoto kapena m'thumba la malaya tsiku lonse, ndipo funani malo ozizirirapo m'nyumba, monga pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Musawaumitse m'chipinda cha ayezi. Mabotolo ambiri amayenera kutayidwa pakatha masiku 28 chitsegulireni, choncho lembani tsiku lotsegula pa katoni.

Ndadontheza miyezi itatu koma sindikuona bwino kuposa kale. Kodi mankhwalawa akugwira ntchito?

Mwina akugwira bwino kwambiri. Anthu amayerekeza glaucoma ndi ng'ala, poti anaonapo agogo akupita ku opaleshoni atagwiridwa ndodo n'kubwerako akuyenda okha. Ng'ala ndi chotchinga chimene chimachotsedwa, pamene glaucoma ndi mtsempha wakufa, ndipo palibe dontho, magalasi kapena opaleshoni imene ingaudzutse. Ntchito ya mankhwala ndi kusunga zimene zatsala. Simungamve m'thupi ngati pulesha yatsika kapena yakwera, zimadziwika ndi makina okha, pamodzi ndi kuunika mtsempha ndi kuyeza mmene mukuonera cham'mbali. Mukasiya, pulesha imabwerera pamene inali m'masiku kapena milungu yochepa. Chifukwa cha ichi, yambani kufunafuna kabotolo kena sabata imodzi kanu kasanathe, ndipo ngati kophatikiza kasowa m'mafamase, funsani achipatala ngati mungagwiritse kaye ntchito mankhwala awiri omwewo paokhapaokha.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana angagwiritse ntchito?

Palibe mwa mankhwalawa amene mayi woyembekezera angayambe kapena kupitiriza osakambirana ndi dokotala, ndipo ndi bwino kukambiranako kuchitike mimba isanakhale. Timolol amafika kwa mwana m'mimba ndiponso mu mkaka wa m'mawere. Brimonidine ndi woletsedwa kwa ana osakwana zaka 2 chifukwa amatha kuwagonetsa tulo toopsa ndi kuwalepheretsa kupuma, ndipo kabotolo kake kaikidwe patali ndi ana aang'ono, poti ngakhale kumeza pang'ono kungawavulaze. Glaucoma ya makanda, imene imaoneka ndi diso lalikulu, lotuwa, lotuluka misozi ndi kuopa kuwala, imafuna opaleshoni.

Ophatikiza akalephera, chatsala n'chiyani?

Dokotala angawonjezere mankhwala a gulu lachitatu, ndipo mabotolo awiri, kophatikiza ndi kena, amatha kunyamula mitundu itatu kapena inayi. Kupitirira apo phindu limachepa pamene diso likuvutika. Njira ina ndi leza (kuwala kwamphamvu kochokera m'makina) yotchedwa SLT, imene imawalitsidwa pa kasefa kaja kwa mphindi zochepa wodwala atakhala pampando, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ku Britain, kafukufuku wa LiGHT wa mu 2019 anapeza kuti pafupifupi odwala 3 mwa 4 aliwonse amene anayamba ndi leza sanafunike madontho kwa zaka 3. Chapafupi ndi kwathu, pa chipatala cha KCMC ku Moshi m'dziko la Tanzania, kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti patatha chaka chimodzi leza inali itathandiza maso 61 mwa 100 aliwonse, pamene timolol anathandiza 31. Mphamvu ya leza imatha m'kupita kwa zaka koma ingabwerezedwe, ndipo makinawo sapezeka pachipatala chilichonse.

Palinso opaleshoni ya trabeculectomy, yotsegula kanjira katsopano kotulukira timadzi pansi pa chikope cham'mwamba. Odwala ambiri amaikana poopa kuti diso limene likuonabe lingawonongeke, ndipo mantha amenewo si opanda pake, chifukwa opaleshoni ili ndi zoopsa zake ndipo imafuna kubwerera kuchipatala kangapo. Komabe kwa munthu wokhala kutali ndi famase, amene mtsempha wake watsala pang'ono ndipo sangathe kugula mabotolo awiri mwezi uliwonse, madokotala ambiri a maso a mu Africa amaona kuti opaleshoni yochitika msanga imateteza kuposa mankhwala odumphadumpha.

Ndipite liti kuchipatala mwamsanga, ndipo abale anga akayezetse kuti?

Diso likayamba kupweteka kwambiri mwadzidzidzi, litafiira, mukuona chifunga ndi utawaleza kuzungulira nyale, mutu ukuwawa mpaka kusanza, musadikire, pitani kuchipatala mwamsanga. Umenewo ungakhale mtundu wina wa glaucoma umene potulukira timadzi pamatsekeka kamodzin'kamodzi, ndipo umatha kuchititsa khungu m'masiku ochepa. Kabotolo kanu ka masiku onse sikangauthetse.

Glaucoma imayenda m'magazi, choncho ana anu, azichimwene ndi azichemwali a bere limodzi akayezetse akafika zaka 40, kapena asanafike ngati inu munayamba muli wamng'ono. Ku Malawi zipatala za maso za Lions Sight First zili pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo thandizo la maso likupezekanso pa zipatala zazikulu za Zomba ndi Mzuzu komanso ku Nkhoma. M'zipatala zambiri za m'maboma muli achipatala ophunzira za maso amene angathe kuunika ndi kutumiza wodwala patsogolo. Kuwerenga zilembo za pakhoma kokha sikukwanira, poti munthu wa glaucoma amatha kuwerenga mpaka mzere wapansi. Wachibale wanuyo akanene kuti kwawo kuli glaucoma, ndipo akapemphe kuti amuyeze pulesha ya m'diso ndi kumuunika mtsempha wa kumbuyo kwa diso.